Achimwene, kompyuta yaing'ono yotchipa ilipo, koma mundimvere kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amatayipira anthu ma CV, makalata ndi mapepala a sukulu pa trading centre ina ku Dedza. Laptop yake yatopa, kashopu kake nkakang'ono, ndiye akufuna kudzimangira kompyuta ya pa tebulo yaing'ono komanso yotchipa. Chomwe chinandigwira ndi mzere wake womaliza, akuti munthu wina wogulitsa wamuuza kuti agule kesi (bokosi la kompyuta) yagalasi yokhala ndi magetsi amitundumitundu, ndipo ndalama yotsalayo agulire power supply (kabokosi kogawira magetsi ku zipangizo za mkati mwa kompyuta) iliyonse, "poti zonse zimagwira ntchito chimodzimodzi".

Achimwene, nditawerenga mzere umenewo ndinaika foni pansi kaye. Mawu amenewo ndinauzidwapo ine, ndendende, ndipo ndinawakhulupirira.

Panthawiyo ndinkakhala lendi ku Chilomoni, chipinda chimodzi, bedi uku tebulo uku, mbaula pakhomo. Ndinasunga ndalama pafupifupi chaka chathunthu kuti ndimange kompyuta yanga yoyamba, ndipo ndinkafuna ndithu kuti aliyense wolowa m'chipindamo aione. Ndinagula kesi yayikulu ngati kabati, mafani atatu owala buluu, motherboard (bolodi lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) zabwino ndithu, ndipo nditafika pa power supply ndalama inali itatha, ndiye munthu wa mu shopu ina m'tauni anangotsitsa kabokosi kopanda dzina lodziwika, kolembedwa 500W ndi zilembo zazikulu, n'kunena kuti iyi ndi yomweyo basi. Ndinainyamula m'manja, inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Lero ndikudziwa kuti kupepuka kumeneko kunali kundiuza zonse, mkati munalibe zoziziritsira zokwanira komanso zotetezera magetsi akabwera mwamphamvu, koma tsiku limenelo ndinangosangalala kuti zakwanira.

Inagwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri. Ndiye usiku wina wa dzinja magetsi anathima monga mwa masiku onse, ine n'kugona osazula pulagi kukhoma. Atabwera cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ndi kaphokoso kakuti thwa, kenako fungo lija la pulasitiki yopsa, amene analimvapo amalidziwa, silichoka m'mphuno msanga. M'mawa ndinatsegula kesi ndi sikuludiraiva, pa motherboard panali kachidontho kakuda pafupi ndi polowera magetsi, ndipo hadi disiki nditailumikiza pa kompyuta ya mnzanga sinazungulire n'komwe, zii.

Motherboard munthu umagula ina. Chomwe chinandipweteka chinali mu hadi disikimo. Chaka chimenecho ndinapita kumudzi ku Ntcheu n'kuwajambula bambo anga mawu pa foni, madzulo atatu otsatizana titakhala pakhonde, akufotokoza za ulendo wawo wa ku Theba, momwe anawayezera pachifuwa asanawalembe, momwe ankatsikira pansi pa mgodi ku Joni, nyimbo zomwe ankaimba ndi anzawo a ku Mozambique, mayina a azigogo athu mpaka kumbuyo komwe ine sindinkakudziwa. Foni itadzaza ndinasamutsira zonse mu kompyuta n'kufufuta pa foni, poganiza kuti m'kompyuta ndiye mosungika. Bambo anamwalira chaka chotsatira. Mpaka lero ndimayesa kukumbukira momwe ankatchulira dzina la agogo awo aakazi, amakoka mawu mwa njira yawoyawo, ndipo sindikwanitsa. Disiki ija ndikadali nayo mu kabati, ndinaikulunga m'nsalu, ngakhale awiri odziwa bwino anandiuza kuti mbale zake zamkati mwina zili bwino koma kuzitsegula kumafuna malo apadera omwe mtengo wake sindingaufike.

Ndiye mukandifunsa za kompyuta yotchipa ine sindiyamba ndi liwiro la purosesa ayi, ndimayamba ndi magetsi, chifukwa kuno kwathu chimene chimapha makompyuta si ukalamba, ndi magetsi obwera mwadzidzidzi, fumbi ndi kutentha kwa mu Okutobala. Mavidiyo ambiri a pa YouTube omwe anyamata athu amaonera amapangidwa ndi anthu okhala kumene magetsi sathima chaka chonse, ndipo chipangizo chikafa amachibweza ku shopu n'kupatsidwa china. Ife tikagula tagula. Ndiye malangizo awo aja sungangowatenga onse n'kubwera nawo pa Dedza.

Ndipo ndinene mosabisa, ogulitsa ena amandikwiyitsa. Si onse, alipo achilungamo omwe amakuuza kuti ichi musagule, koma alipo ena amene akangoona kuti munthu sakudziwa amamugulitsa chowala m'malo mwa cholimba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Munthu wotayipa ma CV, wotsegula Word ndi Excel, wosindikiza mapepala, woonera mpira pa intaneti Loweruka, magetsi amitundumitundu amuthandiza chani? Graphics card, chipangizo choyendetsa zithunzi za masewera, aigwiritsa ntchito yanji? Ndalama imeneyo ndi ya lendi, ndi ya fizi ya mlongo wake, ndi ya thumba la feteleza. Chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja chinakwera moti kulakwitsa kamodzi pogula ndiye kuti wabwerera m'mbuyo chaka chathunthu. Ine ndimaona kuti kumunamiza munthu wotere ndi kuba, kaya wamupatsa lisiti kaya ayi.

Pali china chomwe anthu sachinena. Kumanga kompyuta yaing'ono kuchokera pa zipangizo zatsopano sikotchipa, nthawi zambiri kumadula kuposa kumanga yayikulu. Motherboard zazing'ono zija zotchedwa mini-ITX, za masentimita 17 mbali zonse, zimadula kuposa zapakatikati za micro-ATX, ndipo kesi yaing'ono kawirikawiri imafuna power supply yaing'ononso ya mtundu wa SFX imene kuno kuipeza ndi ntchito, mpaka uitanitse kwa wina wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndipo ikafa udikira mwezi shopu ili chotseka. Ndiye mawu awiri aja, yaing'ono ndi yotchipa, pa zipangizo zatsopano amakokana.

Koma pa kaunjika amagwirizana. Inde kaunjika, ndipo musachite nazo manyazi, tonse tavala malaya a pa kaunjika olimba kuposa atsopano. Makampani akuluakulu a ku Ulaya, ku America ngakhale ku South Africa amagula makompyuta ang'onoang'ono a mu ofesi ambirimbiri nthawi imodzi, akatha zaka zingapo amawachotsa onse n'kugula ena, ndipo ochotsedwawo ndi amene amafika kuno. Ndikunena Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini ndi Lenovo ThinkCentre Tiny. Kukula kwake ngati Baibulo lalikulu la pa guwa, mwinanso kuchepera, mumatha kuiika kuseri kwa sikirini osaoneka n'komwe. Anaipangira kuti iziyaka tsiku lonse mu ofesi, mkati mwake mwakonzedwa bwino, ndipo zambiri mumangomasula sikuluwu imodzi kumbuyo chivundikiro n'kutsetsereka. Yanga ndi Lenovo, ndakhala nayo zaka zinayi tsopano, ili pompano pamene ndikulemba izi, phokoso lake simungalimve ngakhale usiku.

Wina anena kuti ameneyo si kumanga, wangogula. Ine ndikuti ndi kumanga ndithu, chifukwa mumaigula yopanda kanthu kapena yofooka, inuyo n'kuikamo RAM (memori yogwirira ntchito), n'kuikamo SSD (disiki yosungira mafayilo yosazungulira), n'kupukuta fumbi, n'kupaka phala latsopano loziziritsira pa purosesa, n'kuikamo Windows kapena Linux ndi manja anu. Tsiku loyamba nditatsegula yanga ndinapeza fani itatsekeka ndi fumbi lolimba ngati thonje lakuda, ndinalichotsa ndi kaburashi ka mano kakale, pang'onopang'ono, chala chimodzi chitagwira fani kuti isazungulire, ndipo phala lakale pa purosesa linali louma ngati dothi la m'chilimwe. Nditapukuta n'kudontheza latsopano, kadontho kamodzi ngati njere ya mpunga, kutentha kunatsika ndipo fani inasiya kulira. Chimwemwe chomwe ndinamva tsiku limenelo chinaposa cha kabati yanga yowala ija, chifukwa apa ndinkadziwa chomwe ndikuchita.

Ndipo nkhani ya magetsi ija apa ndi pomwe imakoma. Timakompyuta timeneti tilibe power supply mkati, timagwiritsa ntchito chaja ngati ya laptop, yambiri ya 65W, ndipo mapurosesa ake okhala ndi chilembo T kumapeto anawapangira kuti asapitirire pafupifupi 35W. Ndiye magetsi akabwera moipa kawirikawiri chomwe chimayamba kuvulala ndi chaja, chinthu chomwe mungasinthe osatsegula kompyuta. Komanso poti imadya pang'ono, ka UPS kakang'ono (kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima) kamaisunga nthawi yokwanira kuti musunge ntchito ya kasitomala n'kuzimitsa bwinobwino, ndipo amene ali ndi sola ndi batire ndi ka inverter amatha kugwira ntchito masana onse pamene kabati yayikulu ikanamaliza batire msanga. Mlamu wanga ku Mchinji amayendetsa yake pa sola chomwechi, printer yokha ndi imene imamuvuta chifukwa ya laser imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa, musadzailumikize pa UPS yaing'ono imeneyo.

Zoti mugule

Funani ya purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, monga i5-8500T, imene ili ndi ma core 6, ndiye kuti timagawo 6 togwira ntchito nthawi imodzi. Mayina a makompyuta otere ndi monga OptiPlex 3060 kapena 7060 Micro, EliteDesk 800 G4 Mini, ThinkCentre M720q kapena M920q. Chifukwa chake n'chakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo lake imafuna m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Za m'badwo wa 6 monga i5-6500T n'zotchipa kwambiri ndipo zimathamanga bwino ndithu pa Linux Mint ndi LibreOffice, mapulogalamu aulere olowa m'malo mwa Windows ndi Word, koma poti makasitomala anu amabwera ndi mafayilo a Word pa flash ndipo printer yanu iyenera kugwirizana nayo, ine ndingakulangizeni ya 8 ija. RAM ndi ya DDR4 yaing'ono ya mu laptop, 8GB ikukwanirani, 16GB ngati thumba lilola, ndipo bola tiwiri tofanana kusiyana ndi kamodzi. SSD ya 256GB yatsopano, osati hadi disiki yozungulira, apa musanyengerere chifukwa ndi pomwe liwiro lonse lagona.

Pogula musalipire musanaione ikuyaka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye auzeni ailumikize pa sikirini pomwepo, lowani mu BIOS (masetingi omwe mumalowamo kompyuta ikangoyaka, Windows isanatseguke) muone ngati mulibe password yomwe kampani yakale inasiya, yesani mabowo onse a USB ndi flash yanu, ndipo onani kumbuyo chifukwa zambiri bowo lake lolumikizira sikirini ndi DisplayPort osati VGA yakale ija, ndiye ngati sikirini yanu ndi yakale mufunika ka adaputa. Chaja ikhale yake yeniyeni, ya Dell ndi HP ndi 19.5V, ya Lenovo ndi 20V ya kamwa la makona anayi, ndipo Dell ikapatsidwa chaja yomwe siikuizindikira imachepetsa liwiro dala, mungamadabwe kuti bwanji ikukwawa. Zina zimabwera zopanda WiFi, koma foni yanu pa chingwe cha USB imapereka intaneti bwinobwino. Ikamaiwala tsiku ndi nthawi mukaizimitsa ndi kabatire kozungulira ka CR2032 katha, kotchipa, musalole wina akuuzeni kuti motherboard yafa.

Ngati mtima wanu wakakamira ndithu pa zatsopano, tengani Ryzen 5 5600G imene ili kale ndi graphics mkati, motherboard ya micro-ATX, kesi wamba yopanda galasi, ndipo power supply ikhale ya dzina lodziwika ngakhale izi zitatanthauza kudikira mwezi wina. Inyamuleni m'manja muimve kulemera.

Koma kaya musankha iti, ndalama ya surge protector yeniyeni (yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu) kapena UPS muipatule poyamba musanagule china chilichonse, osati extension wamba ya pamsika ija yongokhala ndi kaswitchi kofiira. Mukamatseka shopu madzulo zulani pulagi kukhoma, ndipo mvula ya ziphaliwali ikayamba zulaninso. Ntchito za makasitomala ndi zithunzi za banja zikhale malo awiri nthawi zonse, pa kompyuta ndi pa flash kapena disiki ina yomwe mumapita nayo kunyumba, ndipo zofunika kwambiri muziikenso pa Google Drive, amapereka 15GB yaulere, mungatumize usiku bundle ikakhala yotchipa. Ine ndimachita Lachisanu lililonse ndisanadye nsima yamadzulo. Mayi anga ndinawajambula mawu chaka chatha pa khonde lomwe lija, maola anayi, ndipo ali pa kompyuta, pa flash ziwiri, komanso kwa mchemwali wanga ku Mzuzu.

Mukapeza yomwe mukufuna kugula, nditumizireni chithunzi cha kapepala kakumbuyo kolembedwa model ndi chithunzi cha chaja yake musanapereke ndalama, ndikuyankhani tsiku lomwelo.