Yankho kwa achimwene a ku Bembeke pa za Trichoderma

Achimwene mwafunsa ngati Trichoderma angapulumutse chimanga chanu chomwe masamba ammunsi ayamba timizere totuwa nkumauma, ine ndingokuuzani mosabisa kuti ntchito yake si imeneyo. Mmene mwafotokozeramo ikuoneka ngati nthenda ya masamba yotchedwa grey leaf spot, imavuta kwambiri kumtunda kuno, Bembeke, Lizulu mpaka Tsangano, poti mame sauma msanga pamasamba. Imagona mmapesi a chaka chatha ndiye ngati munda omwewo mumangobwereza chimanga chaka ndi chaka mukuiweta nokha. Pamenepo ndi kasinthasintha basi, soya kapena mbatatesi kaye, ndi mbewu yopirira matendawa, alangizi akuuzani yoyenera dera lanu.

Trichoderma yo ndi fangasi ndithu koma wabwino, amakhala munthaka. Amakuta mizu nkulanda malo ndi chakudya, kenako amakulunga ulusi wa fangasi oipa ngati Fusarium ndi Pythium nkumaudya. Ndiye amathandiza pa mbewu zoola zisanamere ndi mizu yoola, ndipo amalowa pobzala, popaka ku mbewu kapena kusakaniza mmanyowa owolerana bwino. Chimanga chikadwala kale ndi madzi a mmunsi amenewo.

Chomwe ambiri amaphonya nchoti ndi chamoyo ichi. Paketi yomwe yakhala padzuwa pa benchi tsiku la msika, deti inatha kalekale, mukungogula ufa wamba. Komanso osamusakaniza ndi mankhwala opha fangasi, amafa naye. Dothi louma lopanda manyowa sakhalitsamonso.

Ngati nkhawa yanu ndi chuku, kuli njira ina yotchedwa Aflasafe yomwe anapanga a bungwe lofufuza za ulimi la IITA. Ndi mapira okazinga opaka mtundu wa buluu, atanyamula fangasi wa Aspergillus flavus osatulutsa poizoni, iyeyu amafika msanga nkutsekereza mnzake wotulutsa poizoni wa aflatoxin uja. Mumangomwaza ndi manja, makilo 10 pa hekitala, kunena kuti 4 pa ekala, kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti ngayaye zituluke, pansi pali chinyezi. Koma musanamizidwe kuti ithetsa kuola konse kwa zisononkho ayi, ndipo mukakolola nkuyanika pa dothi kapena kuthira mmatumba chisanaumitsitse chuku chibwerabe.

Tajambulani tsamba limodzi pafupi, kutsogolo ndi kumbuyo, muponye mugulu muno, chifukwa ngati mawangawo ndi aataliatali osongoka mbali zonse ndiye ndi chiwawu chinanso icho.