Za mwana wanu wofuna kulowa kafukufuku wa udzu, achemwali mvetserani

Achemwali, nditangowerenga kuti mwana wanu ali chaka chachitatu ku yunivesite ndipo amuitana kukathandiza kafukufuku wa udzu wa ku Highveld, dera lokwera la kuno ku South Africa, mtima wanga wagunda. Ine zinandionekera.

Ntchitoyo payokha ndi yabwino. Timaponya quadrat, felemu ya makona anayi ya mita imodzi mbali zonse, kumweta udzu wonse wam'katimo, kuusankha mtundu ndi mtundu, kuumitsa mu uvuni ku labu kenako kuyeza pa sikelo, kuti tione mmene udzu umaphukiranso pa lupsa. Umayamba kudziwa Themeda triandra, udzu wofiirira uja ukauma, komanso pompom weed wa maluwa apinki, wochokera ku South America, amene akulanda malo a udzu wa kuno. Zonsezi zimachitika nthawi ya mvula, chifukwa udzu umadziwika bwino ndi ngayaye zake. Mu June chisanu chikawamba, zonse zimangofanana.

Koma munthu amene anatipatsa kuti azititsogolera, mnyamata wa Masters, Mulungu amuone. Tsiku lina mu January tili pamtunda kum'mwera kwa Johannesburg, iye akuti ali ndi miting'i, watenga galimoto wapita, "ndibwera pompano". Cha m'ma 3 koloko kumwamba kwada bii. Mukudziwa mphezi za kuno, mzinda uli pamwamba mamita oposa 1,700, ndiye ife atsikana awiri pachitunda popanda pobisala. Matalala anayamba kutimenya m'mutu. Timatumba tapepala toikamo udzu tinanyowa n'kung'ambika m'manja, inki yomwe iye mwini analembera manambala a mapuloti, malo omwe timamweta udzuwo, inasungunuka, udzu wa puloti ino n'kusakanikirana ndi wa puloti ina. Mnzanga akulira, ine ndavula jekete kukutira zotsalazo ngati ndikufunditsa khanda. Foni sakuyankha. Anatulukira kutada, akutafuna tchipisi.

Mawa lake pamaso pa supavaiza akuti ana awa ndi osasamala. Ana! Ine ndili ndi nkhupakupa kuseri kwa bondo chifukwa cha digiri yake. Tinabwereza ntchito yonse, ndipo lipoti litatuluka dzina langa silinapezeke ngakhale pa mawu othokoza. Mpaka lero ndikamuona pa Facebook akudzitcha katswiri, ndimangotseka foni.

Ndiye mwanayo muuzeni asadalire munthu. Afunsiretu kuti galimoto imakhala ndi ndani, dzina lake lidzalembedwa pati, ndipo ayankhidwe pa imelo osati pakamwa. Malebulo alembe yekha ndi pensulo, ajambule tsamba lililonse la data asanachoke kutchire, mathalauza alowetse m'masokosi.

Koma apite ndithu, asakane. Popanda zimenezi Honours, chaka chotsatira digiri yoyamba, amalowa movutika, ndipo kalata yomuchitira umboni idzachokera kwa anthu omwewo. Wa Masters amene amupatseyo asakangane naye, azimutsatira pambuyo n'kumafunsa dzina la udzu uliwonse, poti mayinawo ine ndinawaphunzira kwa mthakati yemwe uja. Loweruka lina mupite naye ku Melville Koppies kapena ku Klipriviersberg, malo otetezedwa a zachilengedwe a ku Johannesburg, akaone kaye ngati dzuwa lake angalipirire.