Funsani: Kodi The Daisy Chain ndiliwerenge?

Funso: Akulu, ndagula buku la The Daisy Chain kwa anyamata ogulitsa mabuku akale, ndi lonenepa ngati Baibulo. Ndiliwerenge kapena ndingotaya nthawi? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Werengani achimwene, bola mukhale odekha. Analemba ndi Charlotte Yonge, linatuluka ku England mu 1856. Ndi nkhani ya Dr May ndi ana ake 11, mayi awo amamwalira koyambirira kwenikweni pangozi ya ngolo ya mahatchi yomwe amayendetsa bambo yemweyo, mwana wawo Margaret nkuvulala osadzayendanso.

Kukoma kwake kuli pa anawo, amacheza nkumakangana ngati ana enieni a nyumba imodzi, makamaka Ethel, kamtsikana kosasamala zovala koma mutu wakuthwa, kolimbana ndi Chigiriki ndi Chilatini kuti mchimwene wake Norman asakasiye mmbuyo, kwinaku kakulota zomanga tchalitchi ku Cocksmoor kwa amphawi.

Koma ulaliki wachuluka eeh! Ethel amamusiyitsa Chigiriki kuti aziona zapakhomo, ine pamenepo zinandiwawa. Mkulu wake wa Ethel, Flora, naye atakondetsa zapamwamba ku London, khanda lake limafa ndi mankhwala ogonetsa omwe wolera amalimwetsa, ngati wolembayo akumukhaulitsa dala. Masamba ena mungodumpha.