Tifunseni: Kodi satifiketi ya Trade Test idakali ndi ntchito?

Funso: Zikomo a Mkonzi. Ine ndine mmisiri wowotcherera zitsulo pa Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Ntchitoyi adandiphunzitsa ndi malume anga, ndipo patapita nthawi ndidakayesedwa mayeso a boma n'kupeza satifiketi ya Trade Test Grade 2. Posachedwapa ndidakafunsira ntchito kwa kontirakitala wina, koma kalaliki wake atayang'ana pepala langa adati iwo akufuna munthu wa Level 3, ndipo za magiredi n'zachikale. Kodi n'zoona kuti pepala langa lidatha ntchito? Nanga ndichite chiyani, poti ndili pabanja ndipo sindingatseke shopu n'kukakhala m'kalasi zaka zingapo? Wowerenga wa ku Dwangwa

Yankho: Bambo, musalitaye pepala lanu ndipo musachite nalo manyazi, chifukwa mudalipeza moyenera ndipo likuchitirabe umboni kuti boma lidakuyesani n'kukhutira ndi luso lanu. Chimene chidasintha ndi dongosolo la maphunziro ndi mayeso kwa amene akuphunzira tsopano, ndipo kuti mumvetse chomwe kalalikiyo adasokoneza, n'koyenera kuti tiyambire kumene nkhaniyi idachokera.

Kwa zaka zambiri mmisiri m'Malawi ankatha kupeza satifiketi kudzera m'njira zitatu zosiyana. Padali Trade Test, imene inkayendetsedwa ndi Unduna wa Zantchito, yokhala ndi Grade 3, Grade 2 ndi Grade 1. Padalinso Malawi Craft ndi Malawi Advanced Craft, zomwe mayeso ake ankalembetsa ndi bungwe la MANEB, lomwe lija limalembetsa mayeso a Fomu 4. Kenako Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo la TEVET, kutanthauza maphunziro a ntchito zamanja, mu 1999, lomwe lidabala bungwe la TEVETA loyang'anira maphunzirowo, padabwera njira yachitatu yotchedwa CBET, imene wophunzira amayesedwa chigawo ndi chigawo poonetsa ndi manja ake kuti ntchito akuitha, osati kungodikira mayeso amodzi kumapeto kwa chaka. Zotsatira zake zidali zakuti mnyamata mmodzi wa pa Salima Technical College ku Senga Bay ankatha kulipira ndi kulemba mayeso amitundu itatu pa luso limodzi lomwelo, ena n'kuwonjezerapo a City and Guilds ochokera ku London, chifukwa palibe amene ankadziwa pepala limene bwana wa mawa adzafune. Aphunzitsi nawo ankagawa nthawi yawo pa masilabasi atatu, ndipo olemba ntchito ankalandira makalata ofunsira ntchito okhala ndi mapepala amene sankadziwa kuwayerekeza.

N'chifukwa chake boma lidaphatikiza njira zitatuzi kukhala silabasi imodzi, imene idayamba kuphunzitsidwa cha mu 2017, ndipo satifiketi yake ndi Malawi TEVET Certificate. Satifiketiyi ili ndi magawo okwera ngati makwerero: Level 1 ndi ya wothandizira mmisiri, Level 2 ndi ya amene akutha kugwira ntchito zambiri koma akufunikabe womuyang'anira, Level 3 ndi ya mmisiri wokwanira amene angasiyiridwe ntchito, ndipo Level 4 ndi ya dipuloma. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, pakuti mu Trade Test nambala yaing'ono ndiyo inali yapamwamba, kotero kuti Grade 1 ndiye adali katswiri, pamene m'dongosolo latsopano nambala ikamakula ndiye kuti luso likukulanso. Olemba ntchito odziwa bwino nkhaniyi amaika Grade 1 pamodzi ndi Advanced Craft ndi Level 3, ndipo Grade 2 yanuyo amaiona ngati yoyandikana ndi Level 2. Choncho ngati kontirakitalayo amafunadi mmisiri wa Level 3, mudatsala ndi sitepe imodzi, koma kunena kuti pepala lanu n'lachabe kudali kulakwa.

M'kuona kwanga, kuphatikiza mayesowa kudali koyenera ndipo kudachedwa. Chimene sichidachitike mokwanira ndi kufotokozera anthu awiri amene nkhaniyi imawakhudza kwambiri, ndiwo mmisiri amene adapeza pepala lake kale ndi kalaliki amene amasankha makalata a ofunsira ntchito.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, lomwe ndi lofunika kwambiri. Simukuyenera kutseka shopu, chifukwa TEVETA ili ndi ndondomeko yotchedwa RPL, imene cholinga chake ndi kuvomereza luso limene munthu adalipeza kunja kwa kalasi, kaya kwa malume ngati inu, kaya m'galaja, kaya pa ntchito ya zomangamanga. Woyesa safunsa kuti mudakhala pa desiki zaka zingati, koma amafuna umboni wa zimene mwakhala mukuchita, ndipo amakupatsani ntchito yoti muigwire iye akuona, kenako amaiyerekeza ndi mulingo wa gawo limene mwapempha. Yambani tsopano kusonkhanitsa umboniwo: zithunzi za mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, ngolo ndi matanki amene mudawotcherera, makalata ochokera kwa anthu kapena mabungwe amene mudawagwirira ntchito, malisiti a shopu yanu, komanso satifiketi ya Grade 2 yomweyo, imene idzasonyeze kuti simukuyambira pansi.

Ndikuchenjezeni za chinthu chimodzi chimene chimagwetsa amisiri aluso amene adaphunzirira pantchito. Manja awo amadziwa zambiri, koma pa Level 3 woyesa amayembekezera kuti muthe kuwerenga pulani yojambulidwa papepala, kuwerengera zitsulo ndi ndodo zowotcherera zimene ntchito ingadye, kufotokoza chifukwa chimene mwasankhira mphamvu yakutiyakuti ya magetsi pa chitsulo chakutichakuti, ndiponso kutsata malamulo a chitetezo. Chizolowezi chofala m'misika mwathu chowotcherera utavala magalasi adzuwa ndi masilipasi chimaononga maso, ndipo pamaso pa woyesa chimaononganso malikisi. Ngati mukudziwa kuti pulani imakuvutani, pezani mphunzitsi kapena wophunzira wa ku koleji kuti akuthandizeni madzulo mukaweruka, pakuti zimenezi sizitenga zaka kwa munthu amene chitsulo amachidziwa kale. Za nthawi yoyesera ndi ndalama zolembetsera kafunseni ku ofesi ya zantchito pa boma la Nkhotakota, ku Mbandira Community Technical College m'boma lanu lomwelo, kapena ku ofesi ya TEVETA ya chigawo chapakati ku Lilongwe, ndipo ndalama iliyonse muzilipira ku akaunti ya bungwe n'kulandira lisiti, osati m'manja mwa munthu wokulonjezani kuti akufulumizitsirani.

Funso: Mwana wanga wamkazi wakhoza MSCE ndipo akufuna kuphunzira zamagetsi. Pali sukulu ina yoyima payokha imene ikulonjeza dipuloma m'miyezi yochepa, ndipo fizi yake ndi yotheka. Kodi ndimulipirire? Mayi wa ku Chipoka, Salima

Yankho: Mayi, musanatulutse ndalama pitani nokha kusukuluko mukafunse zinthu ziwiri: chikalata chosonyeza kuti idalembetsedwa ku TEVETA ndi kuloledwa kuphunzitsa luso la zamagetsi lenilenilo, komanso dzina la bungwe limene limayesa ophunzira ake ndi kupereka satifiketi. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pa kusoka kapena pa makompyuta koma osati pa zamagetsi, ndipo pepala limene sukulu yadzisindikizira yokha, ngakhale litakongola motani, silikhala pa gawo lililonse la makwerero amene ndafotokoza pamwambapa. Lonjezo la dipuloma m'miyezi yochepa ndi lokayikitsa palokha, chifukwa dipuloma ndi Level 4, ndipo munthu amafikapo atadutsa magawo atatu oyamba, akusinthanitsa nthawi ya ku koleji ndi nthawi ya atachimenti kumakampani. Mukapemphenso kuona chipinda chophunzirira ntchito; ngati mulibe mawaya, mamita ndi mabolodi oti ana azigwira, ndiye kuti mwana wanu adzaphunzira magetsi a pabolodi lachoko.

Njira imene ndingakulangizeni kuyamba nayo ndi yakuti mtsikanayo alembere malo pamene TEVETA yalengeza kuti ikutenga ophunzira atsopano. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja amene akhala akudziwika kuyambira kale alipo asanu ndi awiri, omwe ndi Salima, Lilongwe, Namitete, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira mu 2015, pamene boma lidatsegula koleji ya Ngara ku Karonga, kwakhala kukutsegulidwa makoleji a m'madera m'maboma osiyanasiyana. Wosankhidwa mwa njira imeneyi amalipira zochepa, chifukwa mbali ina ya mtengo wa maphunziro ake imachokera ku msonkho wa TEVET, umene olemba ntchito amapereka pa mlingo wa K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, zimenezo n'zosabisa, koma atsikana amalimbikitsidwa kulembera maluso ngati zamagetsi, umakaniko ndi zomangamanga, kumene akhala akuchepa kwa nthawi yaitali. Vuto limene muyenera kulikonzekera ndi la atachimenti, pakuti makampani olandira ophunzira ndi ochepa ndipo ena amachedwa kumaliza chifukwa chosowa kokaphunzirira ntchito. Poti m'boma lanu muli fakitale ya shuga, malo opangira magetsi adzuwa a 60 MW ku Nanjoka ndi mahotela a ku Senga Bay, ayambe msanga kugogoda pa zitseko zimenezo ndi kalata yochokera ku koleji yake.

Funso: Kodi satifiketi ya TEVET ndingagwire nayo ntchito ku Joni? Mnyamata wa ku Lifuwu, Salima

Yankho: Achimwene, satifiketiyo payokha si chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni, ndipo chilolezocho chili ndi malamulo akeake. Ku South Africa mapepala a maphunziro ochokera kunja amaunikidwa ndi bungwe la SAQA, limene limanena gawo limene pepalalo likugwera m'dongosolo lawo, ndipo maiko a SADC adagwirizana za mulingo umodzi wa magawo 10 woti uzithandiza kuyerekeza mapepala a maiko osiyana. Musananyamuke onetsetsani kuti muli ndi satifiketi yeniyeni, osati fotokope yokha, pamodzi ndi chikalata chosonyeza zigawo zonse zimene mudaphunzira ndi kukhoza, chifukwa kuziitanitsa muli kale ku Johannesburg kumadya nthawi ndi ndalama zambiri.