Count yakwera, ndiye ndibetche zingati?

Achimwene, mwati muli ndi R20,000, Hi-Lo (njira yowerengera makhadi pa masewera a blackjack ku kasino) mwaigwira bwino, ndiye mukufunsa ngati mungamaponye R2,000 count, nambala yomwe mumasunga m'mutu powerenga makhadiwo, ikakwera. Ayi ndithu, musayerekeze. Ndalama imeneyo ikhoza kutha usiku umodzi ngakhale muwerenge makhadi osalakwitsa ndi kamodzi komwe.

Choyamba, mukamati yakwera, mukunena iti? Running count (nambala yomwe mwafika powerenga makhadi otuluka) ya +9, mu bokosi logawira makhadi mutatsala mapaketi atatu, ndi true count ya +3 basi, chifukwa mumaigawa ndi mapaketi otsalawo. Ndipo +3 imeneyo si zambiri monga mtima umakuuzirani pa tebulo paja. Mukamasewera basic strategy (ndondomeko ya chochita pa dzanja lililonse) molondola, kasino imakuposani ndi theka la peresenti, ndipo true count ikakwera ndi 1 imakubwezerani pafupifupi theka lomwelo. Pa +1 mwangofanana nawo. Pa +3 mwawaposa ndi 1 peresenti, kutanthauza kuti pa R100 iliyonse yomwe mwabetcha, phindu lanu ndi R1. Nalonso limaoneka mutasewera maulendo masauzande ambiri, osati Loweruka limodzi.

Masamu a kuchuluka kwa ndalama yobetcha anawalemba John Kelly mu 1956 ali ku Bell Labs, ndipo Edward Thorp ndi amene anawabweretsa ku blackjack. Mumatenga peresenti yomwe mwaposa nayo kasino, n'kuigawa ndi 1.3 chifukwa cha kukwera ndi kutsika kwa masewerawa, kenako n'kuchulukitsa ndi mpamba wanu. Pa R20,000 yanuyo, +3 ikupatsani R150. Pa +5 ndi R300. Apo ndiye pothera, ndipo ambiri amene akhalitsa amabetcha theka la zimenezo, chifukwa Kelly wathunthu, kubetcha yonse yomwe masamuwa akunena, amagwedeza mpamba moti munthu umasowa tulo.

Vuto lenileni lili apa. Pa bokosi la mapaketi sikisi, kuti muphulepo kanthu, kubetcha kwanu kwakukulu kuyenera kuposa kwakung'ono kasanu ndi katatu kapena kupitirira. Tebulo loyambira R100 ndiye kuti pamwamba ndi R800, ndipo R800 pa theka la Kelly imafuna mpamba wopitirira R100,000. Wanuwo wachepa. Sindikukunyozani, ndi masamu chabe.

Ine zinandionekera kuno ku Johannesburg. Count inali +5, ndinaika R800, anandipatsa ma 8 awiri wogawa makhadi akuonetsa 6. Ndinawalekanitsa, wina analandira 3, wina 2, ndinawonjezera ndalama konsekonse monga lamulo limanenera. Kuphethira kamodzi, pa tebulo panali R3,200. Wogawayo anatembenuza 10, n'kukoka 5, n'kukwana 21, ndalama yonse ija n'kupita. Palibe chimene ndinalakwitsa, koma ndinatuluka miyendo ili zii. Choncho mukamawerengera, kumbukirani kuti R2,000 yanu ija ikhoza kusanduka R8,000 pa dzanja limodzi.

Mpamba ndikunenawu ndi ndalama yomwe itapita simungasowe ya lendi kapena yotumiza kumudzi. Ukatsika ndi theka, nanunso tsitsani kubetcha ndi theka, osati kuthamangitsa zomwe zadyedwa.

Musanakhale pansi yang'ananinso tebulolo. Ngati blackjack (21 pa makhadi awiri oyamba) akulipira 6:5 (R120 pa R100) m'malo mwa 3:2 (R150 pa R100), nyamukani, chifukwa pamenepo kasino yawonjezera pafupifupi 1.4 peresenti. Ngati pali makina osakaniza makhadi dzanja lililonse likatha, kuwerenga kulibe ntchito, chimodzimodzi masewera a pa foni aja amene kompyuta imagawa. Ndipo mukalumpha kuchoka pa R100 kufika pa R800 mwadzidzidzi, a makamera amaona. Kuwerenga m'mutu si mlandu, koma eni ake akhoza kukuuzani mwaulemu kuti blackjack musasewerenso pamalo pawo.