Za digiri ya public diplomacy: yankho kwa achemwali atolankhani

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kusiya utolankhani n'kukachita digiri yachiwiri ya public diplomacy, komanso ngati mukamaliza mudzakhala kazembe. Ndiyambe ndi lachiwirilo, poti ambiri amapunthwa pamenepo. Digiriyi sipereka ukazembe. Dziko lililonse limatuma nzika zake kudzera ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Mungaphunzire ku America zaka ziwiri zathunthu, koma ngati simuli nzika yakumeneko, khomo limenelo n'lotseka.

Public diplomacy ndi ntchito yoti boma lilankhule ndi anthu wamba a dziko lina, osati nduna zokhazokha. Dzinali linatchuka mu 1965 ndi Edmund Gullion wa ku Fletcher School, sukulu ya ku America yophunzitsa za ubale wa mayiko, koma ntchitoyo inalipo kale: British Council inayamba mu 1934, sikolashipu ya Fulbright mu 1946.

Ine ndinagwirapo ku ofesi ya kazembe wina monga wolembedwa ntchito wa m'dziko momwemo, ndipo mipando yotereyi ndi imene atolankhani ngati inu amaipeza. Sindiiwala usiku wina mphekesera yokhudza ma visa itafala pa WhatsApp ngati moto wolusa. Bwana anandiimbira cha m'ma 10 koloko kuti pofika m'mawa pakhale chikalata chopita kwa atolankhani. Ndinalemba tsamba lathunthu lodzadza mawu a m'mabuku. Anafufuta zonse n'kusiya ziganizo zitatu. Kenaka anandifunsa kuti, kodi anthuwo akuopa chiyani kwenikweni? Ndinasowa chonena, chifukwa ndemanga zawo sindinaziwerenge n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayamba ndawerenga zimene anthu akunena ndisanagwire cholembera. Luso limeneli inu muli nalo kale, musalipeputse.

Masukulu abwino alipo. University of Southern California ili ndi digiri ya Master of Public Diplomacy, ku Syracuse University amaphatikiza maphunziro a nthambi yawo ya zofalitsa nkhani (Newhouse) ndi ya zaboma (Maxwell), ndipo London School of Economics imaphunzitsa za kufalitsa nkhani padziko lonse. Chimene mumapindula kumeneko makamaka ndi anthu odziwana nawo komanso mwayi woyeserera ntchito m'mabungwe akuluakulu.

Koma chonde, musatengere ngongole. Ndikunena izi mtima ukundiwawa, chifukwa mu 2025 boma la America linathetsa bungwe la USAID n'kuimitsa antchito ambiri a wailesi ya Voice of America. Anthu odziwa ntchito, a madigiri awo, anangopezeka ali pakhomo. Ntchito yodalira ndale za dziko lina imatha kugwa usiku umodzi, ngongole ikadali pakhosi.

Ngati maso anu ali ku United Nations, dziwani kuti mipando yoyambira ya akatswiri (giredi ya P-2) imafuna zaka ziwiri zogwira ntchito, yotsatira yake (P-3) zisanu. Mayeso awo olembera achinyamata ntchito (YPP) salandira wopitirira zaka 32, ndipo si chaka chilichonse dziko lanu limakhala pa mndandanda. Chifalansa chingakukwezeni kuposa satifiketi ina yoonjezera, poti ndicho chimagwira ntchito limodzi ndi Chingerezi kulikulu lawo.

Ndiye ntchito ya utolankhaniyo musaisiye kaye. Sikolashipu ya boma la UK ya Chevening imafuna munthu wogwirapo ntchito zaka zosachepera ziwiri, ndiye zaka zanu za m'nyuzi zikukuwerengerani kale. Amalipira fizi ndi zokhalira ku UK chaka chimodzi, inu n'kulonjeza kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Amayamba kulandira makalata cha mu Ogasiti. Sankhani nkhani zanu zitatu zimene zinasinthadi kanthu, muyambe kulemba za zimenezo m'kalata yofunsira sikolashipuyi sabata ino.