Mawu oti "cash" kwa ophunzira a ku China: ndiyambire pati?

Funso: Ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi ndipo pano ndikuphunzitsa Chingerezi pa intaneti. Ophunzira anga ndi a ku China, ambiri ogwira ntchito m'makampani. Mawu oti "cash" amawasokoneza kwambiri. Ndiwathandize bwanji?

Yankho: Choyamba asiyanitse "cash" ndi "money". Mwayi wake, chilankhulo chawo chili kale ndi mawu awiri: qián ndi ndalama yamtundu uliwonse, pomwe xiànjīn ndi ndalama zamapepala ndi zachitsulo zimene munthu amagwira m'manja. "Cash" ndiye xiànjīn. Auzeni zimenezi pa phunziro loyamba lomwelo.

Kumbukiraninso kuti ambiri mwa iwo sayendanso ndi ndalama m'thumba. M'mizinda ya ku China ngakhale wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu amalandira ndalama pa foni kudzera pa Alipay kapena WeChat Pay, mpaka banki yaikulu ya dzikolo inachita kulipitsa chindapusa malonda okana ndalama zamapepala. Nchifukwa chake funso limene angafunsidwe mu sitolo ku London, loti "Cash or card?", liyenera kuyesedwa mokweza kangapo, wina akhale wogulitsa wina wogula.

Pa galamala mudzamva "a cash" kapena "many cashes", chifukwa Chitchaina chilibe "a" ndi "the", ndipo mayina ake ambiri sasintha pa chimodzi kapena zambiri. Mawu oti "cash" sawerengedwa: amati "some cash", "a lot of cash". Amalipira "in cash" koma "by card". Pa katchulidwe, ena amawonjezera mawu kumapeto monga momwe ifenso timanenera kuti kashi, ndiye inu muyambe mwadzimvetsera nokha musanawakonze.

Kwa ine gawo lofunika kwambiri ndi la kuntchito, popeza ndi limene akulipirira. Mu akaunti, ntchito yowerengera chuma cha kampani, "cash" si ndalama za m'manja zokha, imaphatikizanso zimene kampani ili nazo ku banki zoti ingatape nthawi iliyonse. Wophunzira amene sadziwa izi amawerenga lipoti la chuma molakwika, ndipo pa intavyu ya ntchito zimaonekera msanga. "Cash flow" ndi kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama mu bizinesi, ndipo kampani ikhoza kupanga phindu pa pepala koma n'kulephera kulipira antchito ngati makasitomala akuchedwa kubweza ngongole. "Petty cash" ndi kandalama kosungidwa mu ofesi kogulira zinthu zing'onozing'ono. "Cash on delivery" ndi kulipira katundu akafika, zimene ogula pa intaneti amazidziwa kale. Mawu oti "cash" amakhalanso mneni: "to cash a cheque" ndi kusintha cheke kukhala ndalama.

Musawapatse zonsezi tsiku limodzi. Funsani aliyense ntchito imene amagwira. Wa mu akaunti mum'patse lipoti la pachaka la kampani ina, lomwe limapezeka poyera pa intaneti, afufuze paliponse pali "cash" n'kufotokoza tanthauzo lake pamenepo. Wa ku hotela kapena wolandira alendo ayesere zokambirana za pa kauntala mpaka "in cash" ituluke yokha.